Kukwera maboti aang'ono a sitima za alendo pamene miyendo ili yofooka kapena pali vuto la chizungulire

Nasibeko:
Ndikupempha nzeru kwa inu amene munayendapo pa sitima zikuluzikulu za alendo. Tikukonzekera ulendo wa panyanja ya Mediterranean pamodzi ndi mayi anga, ndipo pa ndandanda ya madoko pali awiri, Santorini ku Greece ndi Villefranche ku France, amene pambali pake aikapo chizindikiro cha nangula. Wotigulitsa matikiti watiuza kuti kumeneko sitima sikocheza padoko, imaima pakati pa madzi ndipo anthu amapita kumtunda pa maboti aang'ono otchedwa tender. Mayi anachitidwa opaleshoni ya bondo lakumanzere, amayenda ndi ndodo, komanso chidwalire matenda a m'khutu amamva chizungulire akatembenuza mutu mofulumira. Pamalo osalala amayenda okha ngakhale kuti ndi pang'onopang'ono, koma masitepe amawavuta. Kodi munthu wotere angathe kukwera maboti amenewa, kapena tiwauziretu kuti masiku awiriwo adzatsala m'sitima? Santorini ndiye malo amene akuwalakalaka kuposa ena onse.

Bambo a Chisomo:
Mayi Nasibeko, ndiyambe ndafotokoza mmene zimakhalira kuti muone nokha pamene pagona vuto. Sitima ikaima, amatsegula khomo m'mbali mwake pafupi ndi madzi n'kutulutsa kansanja. Kuti mufike pakansanjapo, m'sitima zambiri chikepe chimakusiyani pansanjika yapamwamba pake, ndipo mbali yotsalayo mumatsika pa masitepe opapatiza amene nthawi zina amakhala onyowa. Boti limabwera n'kumangidwa ndi zingwe pambali pa kansanjako. Kawirikawiri maboti amenewa ndi omwe aja opulumutsira anthu pangozi amene mumawaona atapachikidwa m'mbali mwa sitima, ndipo limodzi limanyamula anthu oposa 100.

Sitima ndi yolemera kwambiri moti mafunde aang'ono saigwedeza, pamene boti ndi lopepuka ndipo funde lililonse limalikweza, kulitsitsa, kulikankhira kusitima kapena kulikokera kutali. Choncho phazi lanu limodzi limakhala pamalo okhazikika pamene linalo likupita pamalo oyenda. Mpata wa pakati umatseguka ndi kutsekeka. Nyanja ikakhala bata, sitepe imeneyi si kanthu, ndipo ndaonapo okalamba oyenda ndi ndodo akuwoloka mosavuta. Kukakhala mafunde, boti limatha kutsika mpaka pansi pa kansanja kenako n'kukwera pamwamba pake m'kanthawi kochepa, ndipo ngakhale achinyamata amadikira kuti auzidwe nthawi yopondera. Pakhomo pamaima amalinyero awiri kapena kuposerapo, ena kusitima ena m'boti, ndipo ntchito yawo ndi kukugwirani mikono. Mukalowa m'botimo mumapezanso masitepe ochepa otsikira kumipando.

Sindinganene kuti mayi atha kapena satha. Chimene ndinganene n'chakuti yankho lili pa zinthu ziwiri: ngati angathe kuponda sitepe imodzi yaitali mosazengereza atauzidwa kuti pondani, ndiponso mmene nyanja idzadzukire tsikulo.

Mayi a Tadala:
Ine ndili ndi matenda a shuga ndipo mapazi anga anachita dzanzi, moti sindimva bwino pamene ndaponda. Maboti amenewa ndimakwera, koma osati tsiku lililonse. M'mawa ndimapita pamalo oonekera bwino n'kuyang'ana boti loyamba ndi lachiwiri pamene akukweza anthu. Ndikaona amalinyero akuimitsa mzere kawirikawiri kudikira kuti funde lidutse, ndimadziwa kuti lero si langa. Ndodo ndimaipereka kwa mmodzi wa iwo asanandigwire, chifukwa ndodo siithandiza pa sitepe imeneyo, imangotsekereza dzanja limene likanagwira munthu. Amaiwolotsa okha n'kundipatsa ndikakhala pansi. Chikwama chikhale chobereka kumsana, manja onse awiri akhale opanda kanthu, ndipo nsapato zikhale zomanga, za mphira pansi pake.

Nasibeko:
Zikomo kwambiri nonse awiri. Kodi amalinyerowo sangawanyamule mayi n'kuwaika m'boti? Ndi ochepa thupi ndithu.

Bambo Mbewe:
Ndinagwirapo ntchito m'sitima zoterezi ndipo pakansanja paja ndinaimapo nthawi yaitali, choncho ndiyankhe funso limeneli mosapita m'mbali. Ayi, musayembekezere kuti awanyamula. Makampani ambiri amaletsa antchito awo kunyamula munthu, kaya ali pa njinga ya olumala kapena ayi, ndipo chifukwa chake si ulesi. Wonyamula mnzake amakhala alibe dzanja logwirira chitsulo, ndipo boti likagwedezeka amagwa onse awiri, mwinanso kugwera mumpata. Thandizo limene limaperekedwa ndi lochirikiza munthu amene akuponda yekha.

Kagwiridwe kake nakonso n'kofunika kukadziwa. Musapereke zala ngati mukupereka moni. Inu gwirani mkono wa mmalinyero pamwamba pa chikhatho, iyenso agwire wanu chimodzimodzi, kuti wina akataya winayo akhale akadagwirabe. Mukatero, mvetserani mawu ake osati maganizo anu. Iye amakhala akuyang'ana funde limene likubwera, chimene inu simuchiona, ndipo amafuna kuti muponde pamene boti lafika pamwamba n'kuima kamphindi lisanayambe kutsika. Akanena kuti dikirani, dikirani ngakhale mutaona ngati mpata watsekeka. Akanena kuti tiyeni, pitani ndi thupi lonse. Anthu amene ankatidetsa nkhawa kwambiri sanali oyenda pang'onopang'ono ayi, koma amene ankaponda phazi limodzi m'boti kenako n'kuchita mantha, n'kuima atatangadza pakati. Pamenepo boti likatsika, mwendo umodzi umatsika nalo pamene winawo watsala kumwamba. Musapondenso pa matayala kapena mphira zimene zimatchinga pakati pa boti ndi sitima, ndipo zala zisagwire m'mphepete mwakunja mwa khomo la boti, chifukwa pamenepo m'pamene ziwirizi zimagundana.

Chinanso, Mayi Nasibeko, inuyo musadzayese kuwagwira dzanja mayi pa nthawi yowolokayo. Lowani m'boti poyamba, muwasungire malo pafupi ndi khomo, ndipo kuwolotsako muwasiyire amene anaphunzitsidwa. Achibale achikondi oima pakhomo amachepetsa malo ogwirira ntchito.

Nangondo:
Ndikumva zonsezi, koma pali mbali imene ikundivuta. Munthu walipira ndalama zofanana ndi wina aliyense, ndipo doko lalembedwa pa ndandanda imene anagulira tikiti. Zingatheke bwanji kuti auzidwe kuti atsale chifukwa cha mwendo? Ku Ulaya kuli lamulo la nambala 1177 la chaka cha 2010 loteteza apaulendo a panyanja, ndipo limaletsa kukana munthu chifukwa cha ulumali. Ku America nako khoti lalikulu linagamula mu 2005, pa mlandu wa Spector ndi kampani ya Norwegian Cruise Line, kuti lamulo lawo loteteza anthu aulumali limakhudzanso sitima zolembetsedwa kumaiko ena zikakhala m'madzi a dzikolo. Tisamangovomereza msanga ngati kuti tikupemphetsa.

Bambo a Chisomo:
Mayi Nangondo, malamulo amene mwatchulawo alipodi, koma lamulo la ku Ulaya lomwelo limalola kampani kukana kukweza munthu ngati kutero kukuphwanya malamulo a chitetezo, kapena ngati kamangidwe ka sitima kapena ka doko sikakulola kuti munthuyo akwere ndi kutsika popanda ngozi. Limanenanso kuti wofuna thandizo adziwitse kampani kutatsala maola osachepera 48. Pa nkhani ya maboti aang'onowa, makampani onse amene ndikuwadziwa amalemba m'malamulo awo kuti mawu omaliza ndi a kaputeni ndi akuluakulu amene wawaika pakansanja.

Kukhwimitsa kumeneku kuli ndi pochokera. Mu April 2015, mayi wina wa zaka 75 amene anali pa sitima ya Queen Elizabeth ya kampani ya Cunard anamwalira atagwera pakati pa boti ndi nsanja pamene ankabwerera kusitima ku Sihanoukville m'dziko la Cambodia. Masiku ano Cunard ndi P&O Cruises amafuna kuti wokwera boti asonyeze kuti angathe kudumpha mpata wa masentimita 45 popanda womugwira. Amayala kamphasa kapena kujambula mizere iwiri pansi, inu n'kuponda kuchoka ku mzere wina kufika ku unzake. Wolephera salowa m'boti.

Nangondo:
Sindikutsutsa kuti ngozi ilipo, Bambo a Chisomo. Chimene ndikunena n'chakuti njira zilipo kampani ikafuna. Sitima ya Celebrity Edge, imene inayamba kuyenda mu 2018, ili ndi nsanja yaikulu m'mbali mwake yotchedwa Magic Carpet, imene imatsika mpaka pafupi ndi madzi n'kukhala pokwerera maboti, ndipo maboti ake anapangidwa moganizira kuti anthu azilowa mosavuta. Sitima zina za Holland America zili ndi chipangizo chotsitsira munthu ali pa njinga yake mpaka pokwerera boti. Ku Geiranger m'dziko la Norway anaika mlatho woyandama umene umatambasuka kukafika pa sitima kuti anthu aziyenda wapansi. Ngati ena atha, enawo asamabisale kumbuyo kwa mawu akuti chitetezo.

Agogo a Dalitso:
Ndikugwirizana nanu pa mfundo yakuti makampani angathe kuchita zambiri, mwana wanga, koma ndikuuzeni zimene timakumana nazo ife. Amuna anga anadwala sitiroko ndipo amayenda pa njinga ya olumala, ngakhale kuti amatha kuimirira ndi kuponda masitepe awiri kapena atatu atagwiridwa. Tinasankhapo dala sitima yokhala ndi chipangizo chotsitsira njinga. Tsiku lake litafika anatiuza kuti chipangizocho sichigwiritsidwa ntchito mafunde akapitirira muyezo winawake, ndipo tinatsala. Pa doko lina chipangizo chinali bwinobwino, nyanja ili bata, koma kumtunda kunali masitepe amiyala opanda potsetserekera njinga, ndiye kutsika m'sitima kunalibe phindu. Sitima ikhoza kukhala yamakono, koma gombe limene mukupitalo si la kampaniyo.

Kwa amene muli ndi njinga, funsani za kulemera kwake musananyamuke. Njinga yopinda imaloledwa kawirikawiri ngati mwiniwake angathe kuwoloka ndi miyendo yake, njingayo n'kumutsatira. Njinga zoyendera batire ndiye zimakanidwa m'malo ambiri. P&O Cruises ndi Cunard amanena kuti chidutswa chilichonse chisapose makilogalamu 20, ndipo kumasula ndi kumanganso ndi udindo wanu kapena wa amene mwayenda naye. Ife masiku ano tikamasankha ulendo timayamba tawerenga madoko a nangula, ndipo akachuluka timausiya n'kufuna wina.

Nachisale:
Ine ntchito yanga ndi ya mafizo, ndipo ndikufuna ndibwerere kwa mayi a Nasibeko, chifukwa vuto lawo si bondo lokha. Kuti munthu aime osadzandira, ubongo umadalira zinthu zitatu: timadzi ndi timinyewa ta mkati mwa khutu, maso, ndiponso mauthenga ochokera kumapazi ndi m'mfundo za miyendo. Chimodzi chikafooka, ziwiri zotsalazo zimagwira ntchito m'malo mwake, n'chifukwa chake mayi amayenda bwino pamalo osalala. Pakhomo la boti zonse zitatu zimasokonezeka nthawi imodzi. Pansi pakuyenda, maso akuona madzi akuthamanga ndi boti likukwera, ndipo khutu, limene ndi lofooka kale, silingathe kukonza zimene enawo alakwitsa. Choncho mmene munthu amayendera kunyumba si umboni wokwanira wa mmene adzachitire pamenepo.

Komabe pali zambiri zimene mungakonzekere, makamaka ngati ulendo udakali kutali. Matani zingwe ziwiri pansi motalikirana masentimita 45 pafupi ndi khoma kapena tebulo lolimba, inu muime pambali, ndipo mayi ayesere kuwoloka kupita ndi kubwerera. Akazolowera, yambani kuwauza kuti dikirani kenako tiyeni, kuti aphunzire kuponda pa mawu a munthu wina osati pa nthawi imene akonzeka okha. Ayeserenso kuimirira kuchoka pa mpando wotsika osagwira kanthu, chifukwa mabenchi a m'maboti ndi otsika ndiponso olimba. Pa masitepe lamulo lathu ndi lakuti pokwera utsogole mwendo wamphamvu, potsika utsogole wodwalawo. Kwa mayi ndiye kuti potsikira m'boti atsogoze wakumanzere, pokwera kubwerera pakansanja atsogoze wakumanja. Izi ziwalowe m'thupi asanafike kumeneko, chifukwa pakhomo paja sipakhala nthawi yoganiza.

Maso asayang'ane madzi a mumpata. Ayang'ane pamene phazi likukatera, ndipo atembenuze thupi lonse m'malo motembenuza mutu wokha. Ngati amavala magalasi a mbali ziwiri, owerengera m'munsi ndi oonera patali m'mwamba, adziwe kuti akaweramitsa maso amaona sitepe kudzera mbali yowerengera, imene imasokoneza kutalika kwake. Amene ali ndi magalasi oonera patali okha ndi bwino avale amenewo.

Ndiwonjezere za mankhwala oletsa nseru ya panyanja. Meclizine, dimenhydrinate ndiponso kachigamba ka hyoscine komata kuseri kwa khutu amathandiza ndithu, koma amabweretsa tulo, ndipo hyoscine amathanso kuchititsa kuti maso asaone bwino kapena kusokoneza mutu kwa okalamba. Munthu wa chizungulire asayambe kumwa mankhwala otere m'mawa wa tsiku lokwera boti. Akambirane ndi dokotala wawo ulendo usanayambe, ndipo dokotala yemweyo ndi amene anganene ngati bondo lapola mokwanira kulandira kulemera kwa thupi lonse mwadzidzidzi.

Mayi a Tadala:
Za magalasizo ndi zoona, Mayi Nachisale, inenso ndimasintha ndikamatsika. Ndiwonjezere kuti m'boti muzikhala pansi msangamsanga pa mpando woyamba umene mwaupeza, ndipo musaimirire mpaka litamangidwa ndiponso anthu othamanga atatuluka. Boti limagunda pofika, ndipo amene aimirira kale ndi amene amagwerana. M'chipinda cham'munsi mumatentha komanso mumamveka fungo la dizilo, zimene zimawonjezera nseru, koma kukwera masitepe opita pamwamba boti likuyenda n'koopsa kuposa fungolo. Mpando wa pafupi ndi khomo uli ndi mphepo yabwino ndipo mumatha kuona kumene madzi akumana ndi thambo, zimene zimakhazika mutu pansi.

Bambo Gama:
Ine maganizo anga ndi osiyana pang'ono. Mukalemba pa fomu ya zaumoyo ya kampani ya sitima kuti mayi ali ndi vuto la chizungulire, mwadziitanira mavuto nokha, chifukwa adzawaika pa mndandanda ndipo adzawayang'anitsitsa pa doko lililonse. Bwanji osangokhala chete, n'kukaima pa mzere ngati wina aliyense? Ndodo akhoza kuipinda n'kuiika m'chikwama mpaka atawoloka.

Bambo Mbewe:
Pepani Bambo Gama, koma langizo limeneli ndikulikana kwathunthu. Mmalinyero akadziwa kuti amene akubwerayo ndi wofooka mwendo wakumanzere, amaima mbali imeneyo, amaitana mnzake wachitatu, amaimitsa mzere, ndipo amadikira funde labwino ngakhale litachedwa. Akapanda kudziwa, amamugwira mopepuka ngati mmene amagwirira munthu wamphamvu, ndipo amayembekezera kuti aponda msanga. Kubisa ndodo ndi kuchotsa chizindikiro chokhacho chimene chikanamuchenjeza. Fomu ija imathandizanso pa zinthu zina zazikulu kuposa boti, monga kudziwa amene adzafunike thandizo pa masitepe ngati m'sitima mutagwa ngozi zikepe zitazimitsidwa. Komanso munthu akavulala zitadziwika kuti anabisa matenda, nkhani ya inshulansi imavuta.

Bambo Gama:
Ndamva, Bambo Mbewe. Nkhawa yanga inali yakuti ena amaweruza munthu pongoona imvi ndi ndodo, asanamuone akuyenda.

Bambo Mbewe:
Zimenezo zimachitika nthawi zina, sindikana. Njira yake ndi kupita ku ofesi yothandiza alendo tsiku loyamba, kufotokoza zimene mayi amatha ndi zimene satha, ndi kupempha kuti ngati pali kuyesedwa ayesedwe msanga pamalo abata, osati kukangana pakansanja anthu ambiri ali kumbuyo. Pemphaninso kuti akuuzeni ngati pali njira ya chikepe yofika pansanjika ya kansanja, chifukwa m'sitima zina ilipo koma amatsegulira okhawo amene apempha, ndipo wantchito amakuperekezani.

Pali chinthu china chimene sichinatchulidwe, chomwe kwa ine ndi chachikulu kuposa zonse: ulendo wobwerera. M'mawa nyanja imakhala yodekha m'malo ambiri, ndipo kaputeni amatembenuza sitima kuti itchinge mphepo kumbali imene maboti akukwezera anthu. Masana mphepo imakula. Munthu amene anawoloka mosavuta m'mawa amabwera madzulo atatopa, atapsa ndi dzuwa, mwina atamwako vinyo, miyendo ikunjenjemera, n'kupeza boti likuvina. Popita muli ndi ufulu wonena kuti lero ndatsala. Pobwerera ufulu umenewo palibe, chifukwa sitima iyenera kunyamuka ndipo inu muyenera kukhala m'katimo. Choncho poyeza mphamvu za mayi, muyeze za madzulo osati za m'mawa. Pitani mochedwerapo pang'ono gulu loyamba litadutsa, pamene sakufunanso matikiti a mzere wokwerera maboti, ndipo bwererani masana asanapendeke, kutali ndi boti lomaliza limene limadzaza ndi anthu othamanga.

Nasibeko:
Mfundo ya kubwererayi sindinaiganizepo n'komwe. Nanga madoko awiri amene ndatchulawa, alipo amene akuwadziwa bwino?

Bambo a Chisomo:
Villefranche ndi kosavuta poyerekeza ndi madoko ena a nangula. Sitima imaima m'chigwa cha madzi akuya chotchingidwa ndi mapiri mbali zitatu, ulendo wa boti ndi waufupi, ndipo pofikira pake ndi pafupi ndi msewu wa m'mbali mwa nyanja umene uli wosalala. Tauni yakaleyo ndiyo ili pachitunda ndipo ili ndi masitepe ambiri, koma munthu akhoza kusangalala m'munsi momwemo. Chigwacho chinatsegukira kummwera, ndiye mafunde akachokera kumeneko zinthu zimasintha.

Santorini ndi nkhani ina. Sitima imaima m'chibowo cha phiri lakale lophulika, ndipo maboti amene amanyamula anthu ndi a eni dera, osati a sitima, choncho kukula kwake ndi kutalika kwa khomo lake kumasiyanasiyana. Oyenda paokha amatsitsidwa padoko lakale m'munsi mwa tauni ya Fira, imene ili pamwamba pa phompho lalitali mamita oposa 200. Kuti mufike kumwambako pali njira zitatu: chikepe choyenda pa chingwe, abulu, kapena masitepe pafupifupi 600 amene abuluwo amadutsanso. Kwa mayi njira ndi chikepe chokha, ndipo sitima zikachuluka tsiku limodzi mzere wake umatalika kwambiri, makamaka madzulo potsika, anthu ataima padzuwa popanda pokhala. Amene agula ulendo wokonzedwa ndi sitima kawirikawiri amatsitsidwa padoko lina la Athinios, pamene mabasi amafika, koma maulendo ambiri otere amathera ku Fira ndipo kubwerera kumakhala kwa pa chikepe chomwecho. Musanalipire, funsani mwachindunji ngati ulendowo umabwereranso ku Athinios pa basi. Misewu ya Fira ndi ya Oia, tauni ina ya ku Santorini komweko, ndi yamiyala, yopapatiza ndiponso ya masitepe, moti boti likhoza kukhala gawo losavuta la tsikulo.

Chimene chikukomerani n'chakuti ku Mediterranean madzi sakwera ndi kutsika kwambiri pa tsiku. Ku St Peter Port pa chilumba cha Guernsey kusiyana kwake kumafika mamita pafupifupi 10, moti potsetsereka pamene munatsikira mosavuta m'mawa pamakhala chikweza chachikulu madzulo, ndipo sitima zimalephera kutsitsa anthu kumeneko kawirikawiri chifukwa cha mafunde.

Agogo a Dalitso:
Ndiwonjezere kwa ena amene akuganiza za maulendo a ku Caribbean. Ku George Town pa Grand Cayman ndi ku Belize City amagwiritsa ntchito kwambiri maboti akuluakulu a eni dera, amene ena mwa iwo ali ndi pansi potakasuka ndi kamlatho kolowera, ndipo amenewo amuna anga anawapeza osavuta kuposa maboti a sitima. Ku Belize sitima imaima kutali chifukwa madzi a pafupi ndi gombe ndi osaya, ndiye ulendo wa boti ndi wautali ndipo umagwedeza. Dziwaninso kuti doko lolembedwa kuti sitima idzakocheza likhoza kusanduka la nangula ngati malo atengedwa ndi sitima ina. Zimachitika ku Kotor m'dziko la Montenegro, ku Mykonos ku Greece ndi ku Juneau ku Alaska, choncho ndandanda musaikhulupirire kotheratu.

Ndipo kutsala m'sitima si chilango ayi. Anthu akapita kumtunda, malo odyera ndi osambira amakhala opanda phokoso, zikepe zimabwera msanga, ndipo ku Santorini nyumba zoyera zija pamwamba pa phompho zimaoneka bwino kwambiri muli m'sitima momwemo. Chofunika ndi kukambirana zimenezi musananyamuke, kuti mayi asadzamve ngati akukulepheretsani, inunso musadzawakakamize chifukwa cha ndalama zimene mwalipira.

Nangondo:
Pa ndalamapo ndiye pofunika kusamala. Mukagula ulendo wa kumtunda kudzera ku sitima ndipo kaputeni n'kulengeza kuti maboti sayenda, amakubwezerani. Koma maboti akamayenda, inu nokha n'kusankha kutsala kapena kukanizidwa pakhomo, kubweza kumadalira malamulo a kampaniyo, ndipo ambiri amafuna kuti muwadziwitse pasadakhale. Kwa okonza maulendo a kumtunda amene si a sitima, malamulo ndi awoawo. Lemberani ku ofesi ya kampani yoona za apaulendo ofunika thandizo lapadera, osati kwa wogulitsa matikiti yekha, ndipo mafunso anu akhale a sitima yeniyeniyo ndi doko lenilenilo: masitepe ndi angati kuchoka pa chikepe kufika pakansanja, maboti ndi a sitima kapena a kumtunda, pali kuyesedwa kapena ayi, ndipo mukakanizidwa ndalama zibwera kapena ayi. Yankho likhale lolembedwa, mulisindikize n'kuyenda nalo.

Nachisale:
Funso limodzi kwa Mayi Nasibeko: kodi chizungulire cha mayi chimabwera pokhapokha akatembenuza mutu kapena akagona ndi kudzuka, n'kutha pasanathe mphindi imodzi, kapena chimabwera chokha n'kukhala maola, limodzi ndi kulira kwa m'khutu ndi kusamva bwino? Ndikufunsa chifukwa mtundu woyambawo nthawi zambiri umayamba timiyala ting'onoting'ono ta mkati mwa khutu tikachoka pamalo pake, ndipo dokotala kapena wa mafizo amatha kutibwezeretsa potembenuza mutu wa wodwala m'njira yotchedwa Epley, moti ena amapeza bwino msanga. Mtundu wachiwiriwo umafanana ndi matenda a Ménière, amene amagwira munthu mosachenjeza, ndipo pamenepo ndingade nkhawa kwambiri ndi tsiku lonse la kumtunda, osati khomo la boti lokha.

Nasibeko:
Ndi cha mtundu woyambawo, Mayi Nachisale. Chimawagwira akamadzuka pabedi kapena akayang'ana kumwamba, ndipo sichichedwa kutha. Sanapimidwepo za timiyala timeneto.

Nachisale:
Ngati ndi choncho, yambirani pamenepo musanalipire ulendo uliwonse wa kumtunda. Apimidwe kudakali milungu ingapo, chifukwa nthawi zina kutembenuzako kumafunika kubwereza, ndipo ngakhale chizungulire chitatha, thupi limatenga masiku kuti lizolowerenso kuyenda molimba mtima. Mukapita, muuzeni wowapimayo za sitepe ya masentimita 45 ndi za masitepe onyowa aja, kuti masewera olimbitsa thupi amene adzawapatse akhale olunjika pa zimenezo. Ku Santorini adzakumbukirenso kuti kuyang'ana kumwamba kuti aone tauni ali chiimire pakansanja kapena padoko ndi kumene kungadzutse chizungulirecho, ndiye adzayambe akhala pansi.